Namwino anatibweza ndi paracetamol, mlongo wanga ali pachingwe

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Angónia, cha ku Dómuè. Dzina ndasunga. Akuti mlongo wawo wa zaka 24 anabwerera kumudzi ntchito itamuthera ku Moatize. Papita miyezi itatu sagona, amayankhula yekha, ndipo tsiku lina anathamangitsa mayi ake ndi mpini wa khasu. Anamumanga, n'kumukweza pangolo mpaka kuchipatala chaching'ono chakwawoko. Namwino anamuyeza malungo, sanawapeze, anapereka paracetamol n'kuwauza kuti azipita. Funso lawo ndi ili: "Kodi anamwino a masiku ano alibe mtima? Tiwoloke naye kupita ku Zomba, kapena tibwerere kwa asing'anga?"

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Za ku Zomba dikirani kaye. Munthu amene mukumufunayo alipo konkuno, kungoti palibe anakuuzani dzina la ntchito yake. Amatchedwa técnico de psiquiatria. Lilembeni papepala.

Dziko lathu la Mozambique lili ndi madokotala a matenda a maganizo ochepa kwambiri, ndipo ambiri a iwo amakhala ku Maputo. Zipatala zapadera za matendawa ndi ziwiri zokha, cha Infulene ku Maputo ndi china ku Nampula, konse kutali ndi ife. Poona mpatawu, Unduna wa Zaumoyo, MISAU, unayamba m'zaka za m'ma 1990 kuphunzitsa matékniko amenewa kwa zaka ziwiri ndi theka, ndi chilolezo choyeza wodwala ndi kumulembera mankhwala. Mu 2010 analipo 66 dziko lonse, pofika 2014 anafika 241. Nthawi zambiri amapezeka pachipatala chachikulu cha distrito, osati pazipatala zing'onozing'ono zakumidzi. Choncho pitani naye ku Ulónguè, mukafunse consulta de psiquiatria e saúde mental. Zikawakulira, iwo ndi amene adzalembe guia, kalata yomutumiza ku Hospital Provincial de Tete.

Ku Zomba kuli chipatala cha matendawa, zoona, ndipo chilankhulo n'chathu chomwechi. Koma matenda otere si a jekeseni imodzi. Mankhwala amamwedwa miyezi, mwina zaka, ndipo wodwala amayenera kuonedwa pafupipafupi. Mudzatha kuwoloka pa Calómuè mwezi ndi mwezi, kusintha metikali kukhala makwacha, nthawi yokolola mbatata itafika? Mabanja ambiri amalekera panjira chifukwa cha thiransipoti, matenda n'kubwereranso.

Tsopano za namwino uja. Analakwa, sindibisa. Kuyeza malungo anachita bwino, chifukwa malungo akakwera kumutu amasokonezadi munthu. Koma atawasowa, anayenera kukulemberani guia, kapena kungotchula kumene mungapite. Zimenezo sizifuna bajeti.

Komabe mawu akuti "alibe mtima" ndikuwakana. Mlamu wanga ndi namwino pachipatala china chakumudzi m'chigawo chathu chino. Ndinagonako kwawo usiku wina nthawi ya dzinja. Cha m'ma 1 koloko anagogoda pazenera: mayi woyembekezera. Magetsi a sola anali atatha, anamubereketsa mayiyo, foni ataluma pakamwa kuti iwunikire. Anabwera kudzasamba m'manja, asanakhale pansi kwabwera mwana wotsegula m'mimba. Kutacha, pakhonde panali mzere wa anthu oposa makumi asanu, wina wa sikelo, wina wa ma ARV, wina wolumidwa ndi galu, ndipo mabuku a rejisito anayi akudikira kulembedwa. Munthu mmodzi yemweyo. Ndinamufunsa ngati amapuma, anangoseka n'kundipatsa tiyi.

Si nkhani ya mlamu wanga yekha. Chiyambire dongosolo latsopano la malipiro a boma, TSU, mu 2022, ogwira ntchito zachipatala akhala akudandaula za magiredi ndi ndalama za maola owonjezera zosalipidwa. Mu 2023 madokotala ananyanyala ntchito, ndipo bungwe la ogwira ntchito zachipatala la APSUSM, mmene muli anamwino ambiri, linachitanso sitiraka chaka chomwecho ndi mu 2024. Pamadandaulo awo sipanali malipiro okha. Panali magolovesi, mankhwala, zipangizo. Ndipo namwino amene mwana wafera m'manja mwake usiku, m'mawa amayamba ntchito ngati palibe chachitika. Amene amamufunsa iyeyo ngati akugona tulo ndani? Ena amathera ku mowa, ena amauma mtima dala kuti asamve kupweteka, ndiye ife timakumana ndi nkhope youmayo.

Pali china chimene anthu sachitchula kawirikawiri. Malungo amayezedwa ndi dontho la magazi, mphindi 15 zatha. Maganizo amayezedwa ndi makutu. Namwino waphunzira m'Chipwitikizi, mwina kwawo ndi ku Gaza kapena ku Beira, wangotumizidwa kuno. Wodwala akuti "mtima wanga sukukhala pansi", kapena "akundiyitana usiku", womasulira n'kunena kuti mutu ukumupweteka. Mapeto ake ndi paracetamol. Popita ku Ulónguè, mutenge wachibale wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, amene anaona mmene zinayambira. Mukanene zonse: tsiku limene tulo tinasowa, ngati amasuta chamba kapena kumwa nipa, ngati anagwapo khunyu, ngati kumtundu kunali wina wodwala chotere. Musachite manyazi, zimenezi ndi zimene amagwirira ntchito.

Akamupatsa mankhwala monga haloperidol kapena clorpromazina, dziwani kuti kusintha kwenikweni kumatenga masabata. Ena amauma khosi, amanjenjemera manja, amatuluka dovu, amayenda ngati loboti. Apa ndi pamene abale amati "mankhwala amupusitsa" n'kuwataya kuchimbudzi. Musatero. Bwererani mukanene, amachepetsa mlingo kapena kuwonjezera ena, monga biperideno, othetsa kuumako.

Za asing'anga sindikulamulani, ndikudziwa kuti akuluakulu a pabanja ali ndi mawu awo. Ngakhale Unduna umagwira ntchito ndi bungwe lawo la AMETRAMO kuti azitumiza odwala kuchipatala. Pempho langa ndi lakuti zakumwa za kumeneko mukazitchule kwa tékniko, ndipo aliyense wofuna kumukwapula, kumumana chakudya kapena kumumanga unyolo kuti chiwanda chituluke, mumukanire.

Lero lomwe, chotsani m'nyumba mankhwala opopera mbatata ndi fodya, komanso a makoswe, muwatsekere kwa aneba. Akayamba kunena zakuti kuli bwino afe, kapena thupi likatentha khosi n'kuuma, musadikire tsiku la msika kuti mupeze galimoto. Chingwe cha ng'ombe chija chimadula khungu pamikono. Ngati paulendo simungachitire mwina, chitenje chofewa chikwanira, ndipo akhale pafupi ndi munthu amene amamumvera. Mukabwerako mundilembere zimene akuuzani, mundiuzenso mmene alili mayi anu.