Atsekeranji misika ya ng'ombe pomwe matendawa sakupha?

Bambo amene mwafunsa kuti boma latsekeranji misika ya ziweto ndi kuletsa kuyendetsa ng'ombe m'dera lonse pomwe matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi apezeka m'makola owerengeka okha, komanso kuti bwanji ng'ombe zomwe zinabayidwa katemera chaka chatha zadwalanso, khalani pansi tikambirane bwinobwino. Chiletsocho chili m'malo mwake. Pamene muyenera kukwiyira boma ndi pena, ndipo tifikapo.

Mukunena zoona kuti ng'ombe zikuluzikulu sizifa kawirikawiri ndi matendawa. Ng'ombe yodwala imayamba ndi kutentha thupi mpaka madigiri 40 kapena 41, kusiya kudya, mkaka n'kutsika tsiku lomwelo. Kenako dovu limayoyoka ngati zingwe, ndipo ikaima imangosinthasintha mapazi ngati yaponda pamoto. Mukaitsegula kukamwa mupeza matuza pa lilime ndi m'nkhama, ena ataphulika kale khungu n'kusupuka kusiya chilonda chofiira. Matuza omwewo amatuluka pakati pa ziboda ndi pa nsonga za mawere. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu zambiri zimadzuka n'kuyambanso kudya. Chimene anthu amaiwala kuwerengera ndi ana a ng'ombe omwe amangogwa n'kufa opanda chilonda chilichonse chifukwa kachilomboka kagwira mtima, zabere zomwe zimataya bere, zamkaka zomwe sizibwereranso pa mkaka wake wakale, ndi zokoka ngolo zomwe zimakhala zikutsimphina nthawi yomwe ntchito yachuluka.

Chifukwa chenicheni chotsekera dera lonse ndi liwiro la matendawa. Kuchokera tsiku lomwe ng'ombe yatenga kachilombo kufika poonetsa zizindikiro pamapita masiku 2 mpaka 14, ndipo imatha kuyamba kufalitsa kachilomboka m'mpweya, m'dovu ndi mumkaka masiku anayi isanaoneke kuti ikudwala. Ndiye khola lomwe mukuliona lero kuti ladwala ndi nkhani ya sabata yatha. Zomwe zinamwa nazo pa dziwe limodzi, zomwe zinakumana nazo ku dipi kapena pa msika, zili kale m'makola ena zikuoneka zabwinobwino. Mbuzi ndi nkhosa ndiye zoopsa mwakachetechete, chifukwa zimadwala pang'ono moti mwini sazindikira n'komwe, pomwe nkhumba zikagwidwa zimatulutsa kachilombo kochuluka kwambiri popuma kuposa chiweto china chilichonse. N'chifukwa chake chiletso chimakhudza ziweto zonse za ziboda zogawanika.

Zomwe zinachitika ku Britain mu 2001 zimaonetsa bwino mtengo wa kuchedwa. Matendawa anapezeka pa 19 February ku malo ophera nkhumba ku Essex, ndipo atatsatira anapeza kuti anachokera pa famu ina kumpoto kwa England komwe nkhumba zinkadyetsedwa makombo osaphika. Chiletso cha dziko lonse chinabwera pa 23 February. Pofika tsikulo nkhosa zomwe zinali ndi kachilombo zinali zitadutsa kale m'misika, makamaka wa Longtown, n'kumwazikira mbali zambiri za dzikolo. Mafamu oposa 2,000 anagwidwa ndipo ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa. Dziko lolemera, madokotala a ziweto ambirimbiri, koma misika ndiyo inawagonjetsa.

Ena pa gulu lino akuti nanga nyama aletseranji, poti munthu satenga matendawa. Munthu indedi satenga kawirikawiri, ndipo si matenda amodzi ndi aja a zilonda za m'manja ndi m'kamwa omwe amagwira ana. Vuto ndi lakuti nyama imanyamula kachilomboka. Mu mnofu kamafa pakapita nthawi chiweto chitaphedwa, chifukwa mnofu umasanduka wa asidi, koma m'mafuta a m'mafupa, m'mitsempha ya anabere ndi m'zam'kati kamakhalabe kamoyo. Makombo ake akafika kwa nkhumba, moto wayambiranso. Zikopa, mkaka wosawiritsa, ndowe, udzu wa m'khola, matayala a lole ndi nsapato za wogula ng'ombe, zonsezi zimanyamula.

Tsopano za katemera, pomwe pamasokonekera ambiri. Kachilomboka kali ndi mitundu isanu ndi iwiri: O, A, C, Asia 1, SAT1, SAT2 ndi SAT3, ngakhale mtundu wa C sunaonekenso kuyambira 2004. Katemera wa mtundu umodzi sateteza ku mtundu wina, ndipo ngakhale mkati mwa mtundu umodzi, makamaka SAT2, tizilombo timasiyana moti katemera amatha kugwira mofooka. Ndiye boma likagula katemera lisanayeze kuti ndi mtundu uti womwe wabuka, likungoponya mumdima. Chachiwiri, katemerayu sakhalitsa m'thupi. Ng'ombe yobayidwa koyamba imafunika jakisoni wachiwiri pakatha pafupifupi sabata zinayi, kenako kubwereza miyezi 4 mpaka 6 iliyonse kumene matendawa amabukabuka. Zanu zija zinabayidwa kamodzi chaka chatha, ndiye chitetezo chinatha kalekale. Chachitatu ndi kuzizira. Botolo liyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera ku fakitale mpaka pa khosi la ng'ombe, osaundana, osatenthedwa. Furiji ya ku ofesi ikazima masiku awiri chifukwa cha magetsi, kapena mlangizi akayenda nalo tsiku lonse padzuwa m'bokosi lomwe madzi oundana anasungunuka m'mawa, madzi a m'botolomo amaoneka chimodzimodzi koma mphamvu mulibe. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, pamafunika kuti ng'ombe zosachepera 80 pa 100 zilizonse m'deralo zibayidwe kuti matenda asowe podumphira. Amene amabisa zina kuopa kuti boma likuwerenga ziweto zawo ndi amene amasiya mpata. Kubaya ng'ombe yomwe yatenga kale kachilombo sikuichiritsa, n'chifukwa chake pa mliri amayambira kubaya kunja kwa dera lomwe ladwala n'kumalowa m'kati, kuti obayawo asanyamule matenda kupita nawo ku makola abwino.

Apa ndiye pali mlandu wa boma. Kulengeza chiletso sikudya ndalama, ndi kalata imodzi ndi apolisi pamsewu. Zomwe zimachititsa kuti chiletso chithe msanga ndi zomwe zimadya ndalama, ndipo zimagwiridwa ndi maofesi a m'madera omwe nthawi zambiri ndi amene amamanidwa. Mlimi akanena kuti ng'ombe ikutuluka dovu, mlangizi wa ziweto ayenera kufika tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa choyezera chabwino ndi kachikopa ka thuza losaphulika kapena longophulika kumene, kaikidwe m'botolo la mankhwala ake n'kuyenda kozizira mpaka ku labotale. Akafika patatha sabata zilonda zikupola, zoyeza zimavuta ndipo mtundu wa kachilombo sudziwika msanga. Mlangizi wopanda mafuta a njinga yamoto, wopanda mabotolo, woyang'anira yekha dera lomwe linafunika anthu angapo, sangachite zimenezi ngakhale atakhala wakhama chotani. Maboma ambiri anatsitsira udindo ku maofesi a m'madera koma ndalama ndi kugula katemera zinatsala ku likulu, ndiye amene ali pafupi ndi khola alibe mphamvu, amene ali ndi mphamvu amamva mochedwa. Izi zinakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene mayiko ambiri osauka anadula ndalama za ntchito za ziweto potsatira malangizo a World Bank ndi IMF, poyembekeza kuti madokotala oyima paokha adzatseka mpatawo. Kumatauni anapezekadi, koma kumidzi yakutali sanapiteko, ndipo kulondalonda mliri si ntchito yomwe munthu wabizinesi angagwire popanda womulipira.

China ndi chipukuta misozi. Kumene boma limapha ziweto zodwala osalipira eni ake, kapena kulipira patatha zaka, alimi amaphunzira kukhala chete. Ng'ombe ikayamba dovu amaigulitsa usiku motchipa kapena kuisamutsira kwa m'bale wake kutsidya, ndipo matenda amadumpha chotchinga cha apolisi mosavuta. Sikuti dziko lililonse liyenera kupha. Uruguay inagwidwa chaka chomwecho cha 2001 ndipo inathetsa mliriwo m'miyezi yochepa pobaya ng'ombe za dziko lonse. Kum'mwera kwa Africa nkhani ndi yovutirapo chifukwa njati za m'nkhalango zimasunga mitundu ya SAT kwa zaka popanda kudwala, ndiye kuthetseratu n'kosatheka. Botswana inasankha kumanga mipanda italiitali yogawa dziko m'zigawo kuyambira m'ma 1950 ndipo ili ndi fakitale yakeyake ya katemera ku Gaborone, zomwe zinaithandiza kugulitsa nyama ku Europe, ngakhale mipandayo inatsekera nyama zakutchire njira zopitira kumadzi. Boma limaganiziranso za malonda akunja, poti mayiko omwe ali m'bungwe la zaumoyo wa zinyama la WOAH amayenera kulengeza mliri wotere pasanathe maola 24 atatsimikiza, ndipo ogula amatseka malire nthawi yomweyo.

Ndiye mukakumana ndi akuluakulu a zaulimi a m'dera lanu, musataye nthawi kupempha kuti msika utsegulidwe. Afunseni kuti zoyeza zinatengedwa liti, mtundu womwe wapezeka ndi uti, katemera yemwe abwere naye ndi wa mtundu womwewo kapena ayi, jakisoni wachiwiri adzabwera tsiku liti, ndipo malire a dera lotsekedwa ali pati kwenikweni. Ku Europe lamulo limaika makilomita atatu ozungulira khola lodwala kukhala dera lotsekeratu ndi makilomita khumi kukhala dera lolondera, koma kumene ng'ombe zimadyera ndi kumwera pamodzi malire amayenera kutsata madambo ndi madziwe omwe ziwetozo zimakumanako.

Pa khola panu, patulani zodwala ndipo muzizisamalira pomaliza mukathana ndi zabwino. Zipatseni madzi ndi udzu wofewa pafupi kuti zisayende, tsukani zilonda za m'mapazi ndipo khola likhale louma. Maantibayotiki saphatu kachilomboka, amangothandiza zilonda zikayamba mafinya, ndiye musathire ndalama pamenepo mlangizi asanaone. Pa chipata ikani beseni lopondamo. Soda wochapira uja, magalamu 400 mu malita 10 a madzi, amapha kachilomboka, chimodzimodzi ufa wowawasa wotchedwa citric acid magalamu 20 mu malita 10. Sankhani chimodzi, musasakanize, chifukwa zikakumana zimathetsana mphamvu. Yambani mwapala ndowe ku nsapato ndi ku matayala, poti mankhwala salowa m'matope, ndipo madziwo muzisintha akada. Ogula ng'ombe ndi alendo aime kunja kwa mpanda.

Za kuti chiletso chitha liti, kawerengedwe kake kamayambira pa chiweto chomaliza kudwala, osati pa tsiku lomwe analengeza. Nthawi zambiri amadikira masiku osachepera 28, omwe ndi masiku 14 aja kawiri, popanda khola lina latsopano lodwala, ndipo alangizi ayenera kukhala atayendera makola n'kutsegula ng'ombe kukamwa kuti atsimikize. Khola limodzi likadwala pa tsiku la 20, kuwerenga kumayambiranso pa 1. Ngakhale msika utatsegulidwa, ng'ombe zomwe zinachira zimatha kusunga kachilomboka kukhosi kwa miyezi yambiri, ndiye yomwe mwagula kumene muziisunga payokha masiku 28 musanaiphatikize ndi zinzake.