Walumikiza hard drive imodzi, ukufuna shopu?

Mnyamata wina wa ku Chawama wandilembera ali ndi nkhawa. Anamaliza Grade 12, mapointi sanamulole kulowa yunivesite ya UNZA, ndipo bambo ake aumirira kuti abwereze mayeso mpaka adzakhale loya. Iye akuti anadzutsa kompyuta ya amalume ake pongokankhira bwino chingwe cha hard drive (disiki yosunga zinthu m'kompyuta) chomwe chinali chitakhwefuka, ndiye akufuna mpamba atsegule shopu m'tauni. Makalata otere amabwera chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka.

Mphwanga, ndiyambe ndi iwe. Unachita bwino, koma usafulumire kudzitcha injiniya. Hard drive ili ndi zingwe ziwiri: choyamba, chotchedwa SATA, chopita pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), chili ndi mapini 7, kukamwa kwake n'kopindika ngati chilembo L, moti sichilowa chozondoka. Chachiwiri, chamagetsi chochokera ku power supply, chili ndi mapini 15. Mwana wa Grade 7 ukamuonetsa kamodzi, mawa achita yekha.

Ntchito yeniyeni imayamba zingwe zonse zikakhala m'malo mwake koma BIOS, pulogalamu yoyamba kudzuka ukayatsa kompyuta, osaiona disikiyo. Wafa ndani, chingwe, doko (polowetsa chingwe) kapena disiki? Kodi ukudziwa kuti pa ma motherboard ena ukaika SSD ya M.2 (kadisiki kakang'ono kamakono) madoko ena a SATA amasiya kugwira, ndipo uyenera kuwerenga kabuku kake kuti udziwe ndi ati? Komanso M.2 ilibe chingwe n'komwe: imalowa mopendekeka pamalo pake, n'kumangidwa ndi kasikuluwu kamodzi. Malaputopu ambiri atsopano ali choncho. Luso ukunyadiralo likucheperachepera ntchito. Kasitomala amalipira munthu wopulumutsa zithunzi zake za ukwati ndi maakaunti a bizinesi yake, ndipo ukamufufutira zimenezo Chawama yonse imva.

Ine ndikuti kaphunzire kaye. Pita ku Evelyn Hone kapena ku Lusaka Business and Technical College ukafunse za maphunziro a kompyuta. Ukakopeka ndi tisukulu tapamwamba pa mashopu m'tauni, funsa ngati tinalembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro aluso, usanapereke ngwee. Za fizi, kaonane ndi komiti ya chitukuko ya wadi yanu, pali mabasare a maphunziro aluso ochokera ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera. Uku ukuphunzira, uzigwira kwa munthu wokonza makompyuta, ngakhale azikutuma zitumbuwa.

Tsopano inu bambo. Mwanayu adzabwereza mayeso kangati kuti mtima wanu ukhale pansi? Uloya mukuufuna ndinu. Iye anatsegula bokosi la kompyuta popanda womutuma, n'kupeza vuto. Ndalama ya shopu musamupatse, pamenepo tagwirizana, koma ya sukulu perekani.

Ndipo mphwanga, m'kalata yako sunanene ngati unazula pulagi pakhoma usanapise dzanja m'bokosimo. Uzizula, n'kukhudza kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwako asapsereze motherboard ya eni ake.