Amai, zimbale zogulitsa chimodzichimodzi zisiyeni

Amai, mwafunsa zinthu zitatu: zimbale (ma CD ndi ma DVD) zabwino zosungiramo zithunzi ndi mavidiyo a banja kwa zaka zambiri, hard drive yoti mugule, ndiponso ngati kuika pa intaneti kuli bwino. Ine ndiyankha za zimbale zokha poti ndizo zinandiliza. Zinazo ayankhe odziwa.

Ndaona ena pamwambapa akuti zimbale zinatha fasho, mungogula fulashi basi. Fulashi ndi thumba lopitira kumsika, si nkhokwe. Imasunga zinthu ndi timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'kati, ndipo ikagona zaka m'dirowa osailumikiza, timphamvuto timatha pang'onopang'ono. Komanso mukangoipereka kamodzi pa kompyuta za m'tauni zosindikizira makalata, ikhoza kubwera ndi mavairasi. Ndiye maganizo anu a zimbale si oipa. Vuto ndi chimbale chake.

Ine zinandichitikira chonchi. Chaka chomaliza chimene bambo anga anali ndi mphamvu tinapita nawo ku Kulamba, ku Mkaika ku Katete. Mphwanga anabwereka kamera, anajambula gule, anajambula anthu, koma chachikulu anajambula bambo madzulo atakhala pa mpando wa ndalema akulongosola mbumba yathu, agogo awo anachokera kuti, ndani anabala ndani. Analankhula pafupifupi maola awiri. Nditabwerera kuno ku Chipata ndinagula ma DVD asanu ndi limodzi pa thebulo la mnyamata wina pamsika, wogulitsa makava a foni ndi machaja. Chilichonse chinali m'kapulasitiki kakekake, pamwamba atalemba dzina la kampani yodziwika bwinobwino, mtengo wake ngati wa fanta. Ndinabena zonse usiku umodzi, ndinaonera pang'ono poyambira, ndaona zikusewera, basi ndinafufuta mu laputopu poti inali itadzaza. Zimbalezo ndinaika m'sutukesi pamwamba pa wadirobu, nyumba ya malata yopanda siling'i.

Bambo anatisiya chaka chotsatira. Patapita zaka 6, pa chiliza, abale atasonkhana, ine n'kutulutsa zimbale zija modzitama. Choyamba chinasewera mphindi khumi ndi kanthu, kenako nkhope ya bambo inasweka timabokositimabokosi, n'kuima pakamwa pali yasa, mawu zii. Tinayesa mu DVD ya oyandikana nawo, tinayesa mu laputopu ziwiri, chimodzimodzi. Nditachipenyetsa pa dzuwa ndinaona kuti utoto wa kunsi uja wasuluka kuyambira m'mphepete, mawangamawanga ngati chitenje chochapidwa ndi jiki. Panalibe nkukala komwe, poti palibe anali atachigwirapo. Mwa zisanu ndi chimodzi, ziwiri zokha ndizo zinatseguka mpaka kumapeto, ndipo zonse ziwiri zinali za gule. Azakhali anga sanalankhule kanthu, anangodzuka n'kupita kukhitchini. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Pambuyo pake m'pamene ndinaphunzira chimene chinachitika. Chimbale cha kufakitale, chija chobwera ndi filimu kale, amachidinda ndi chikombole. Ichi chobena tokha n'china: m'kati muli utoto wopyapyala, ndipo kuwala kwa laser kumawotcha timadontho pa utotowo. Utoto umenewo ukakhala wotchipa, kapena guluu wa m'mphepete akakhala wosagwira, kutentha ndi chinyezi zimalowa n'kufufuta timadonthoto. Ndipo chimbale chimalembedwa kuyambira pakati kupita kunja, n'chifukwa chake poyambira pamasewera bwino pomwe kumapeto kunafa kale. Ndiye kuonera mphindi ziwiri zoyamba, monga ndinachitira ine, n'kudzinamiza.

Tsono mverani apa. Dzina lolembedwa pankhope pa chimbale silinena amene anachipanga. Mafakitale opanga zimbale padziko anatsala ochepa, akuluakulu ndi CMC Magnetics ndi Ritek a ku Taiwan, ndipo makampani ambiri amangogula kumeneko n'kudindapo dzina lawo. Kale zotchuka kwambiri zinali za Taiyo Yuden ya ku Japan, imene inayambitsa CD-R, CD yobena tokha, mu 1988, koma inaleka kupanga mu 2015 ndipo luso lake linapita ku CMC, amene amagulitsa pa dzina la CMC Pro. Choncho wina akakuuzani lero kuti ali ndi Taiyo Yuden zatsopano zochokera ku Japan, mwina ndi katundu wogona zaka zambiri m'sitolo, apo ayi akukunamizani. Verbatim nayo inagulidwa ndi CMC yomweyo mu 2019.

Zimene ndimagula ine ndi Verbatim zolembedwa AZO pa pepala la paketi. AZO ndi mtundu wa utoto uja, umapirira kuwala ndi kutentha kuposa wamba. Muyang'anitsitse, chifukwa kampani yomweyo ili ndi zina zotsika mtengo zopanda mawu amenewo, ndipo wogulitsa angokuuzani kuti zonse ndi chimodzimodzi. Mukafika kunyumba ikani pulogalamu yaulere yotchedwa ImgBurn, lowetsani chimbale chopanda kanthu, muone mzere wolembedwa MID. Pamenepo chimbale chimaulula chokha kwawo. Za AZO zenizeni zimaonetsa MCC 004 ngati ndi DVD+R, kapena MCC 03RG20 ngati ndi DVD-R. Za luso la Taiyo Yuden zimaonetsa TYG03 ngati ndi DVD-R. Zanga za pamsika zija nditaziyesa zinaonetsa zilembo zosagwirizana n'komwe ndi dzina la pankhope. Koma dziwani kuti akathyali ena amakopera ngakhale nambala imeneyi, ndiye musadalire iyo yokha, malo ogulira nawonso ndi nkhani.

Za mtundu ndinena mwachidule. CD-R isiyeni, imangolowa 700MB, ndipo zolembedwa zake zili pansi penipeni pa nkhope, kotero kuti kungokanda pamwamba ndi bolopeni mwaononga. DVD ya 4.7GB ndiyo yabwino kwa inu, poti utoto wake uli pakati pa mapulasitiki awiri. Kaya ndi ya +R kaya ya -R musavutike nazo, makina a masiku ano amawerenga zonse. Zija za 8.5GB zolembedwa DL zimavuta posinthira kuchoka pa gawo loyamba kupita lachiwiri, musaikemo za mtengo wapatali. Zolembedwa RW ndi zolemba n'kufufuta, zopangira ntchito ya sabata ino, osati zosungira ana a ana anu.

Ngati mavidiyo ndi ambiri, Blu-ray ya BD-R imalowa 25GB, kuposa ma DVD asanu, ndipo zambiri sizidalira utoto wosuluka uja, kupatula zolembedwa LTH zimene muyenera kuzipewa. Koma imafuna makina akeake obenera, ndipo ine m'mashopu a kuno sindinawaonepo, n'zoitanitsa.

Akulu amene alemba pamwambapa kuti mungogula chimbale cha M-DISC chifukwa imakhala zaka 1000, sananame kuti ilipo. Inatuluka mu 2009 ndipo m'malo mwa utoto ili ndi gawo lolimba ngati mwala. Koma zaka 1000 zo ndi mawu a opanga, palibe anadikirapo kuti aone. M-DISC ya DVD imafunanso makina obenera okhala ndi chizindikiro cha M-DISC, ndipo mtengo wa chimbale chimodzi mungagulire zabwino wamba zingapo. Akanatiuzanso kumene iwo anaigula kuno kwathu zikanathandiza. Ine ndimaopa zina: chimbale chingakhale moyo, koma choŵerengera n'kusowa. Malaputopu ambiri atsopano sabweranso ndi polowetsa chimbale, ndipo Sony inaleka kupanga ma Blu-ray opanda kanthu mu 2025. Ndiye gulani kamakina ka DVD kolumikiza pa USB, ndipo thumba likalola mugule tiwiri, kena kagone m'bokosi.

Kogula. Pamsika, pa siteshoni ya mabasi, paliponse pamene zimbale zayalidwa pa thebulo padzuwa, dutsani musayang'ane n'komwe. Chimbale chopanda kanthu nachonso chimapsa ndi dzuwa chisanalembedwe. Pashopu pamene aziika pa windo loyang'ana kumsewu, chimodzimodzi. Ine ndimagula pa kashopu kena ka mabuku ndi zolembera cha ku Down Shops, ka bambo wina wachikulire amene amasunga mapaketi m'kabati m'kati, ndipo amalola kuti ndiŵerenge pepala lonse ndisanalipire. Sakhala nazo nthawi zonse, mwina mungamuuze akuitanitsireni. Mugule paketi yomata ya 25 kapena ya 50, pulasitiki ya kufakitale isanang'ambidwe, ndipo mutenge lisiti. Ya 50 yabwino nthawi yomaliza inali pakati pa K400 ndi K600, kaya pano poti dola sikhala pansi. Wina akakupatsani ya 50 yolembedwa AZO pa mtengo wa theka la pamenepo, muthokoze n'kutuluka. Zikasowa, tumani wachibale wa ku Lusaka akaike pa basi, koma mumuuze atumize chithunzi cha paketi asanalipire, ndipo aikulunge ndi zovala, isakhale pafupi ndi injini ulendo wonse wa makilomita oposa 550. Amene mumadutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe mungayang'anenso kumeneko, ndi pafupi kuposa Lusaka.

Pobena musapereke kwa anyamata obena nyimbo, iwo amathamangitsa makina kuti kasitomala wina alowe. Chitani nokha. Chimbale cholembedwa 16x muchibene pa liwiro lochepera, la 8x kapena 6x. Musachidzaze mpaka pakamwa, lekezani cha pa 4GB, poti m'mphepete ndimo moyambira kufa. Mu ImgBurn chongani kabokosi ka Verify kuti kompyuta iŵerengenso zonse n'kuyerekeza ndi zoyambirira. Mubene monga mafayilo wamba, osati kusandutsa kukhala DVD yoonera pa TV, chifukwa kusandutsako kumatsitsa ubwino wa vidiyo ndipo kukopera m'tsogolo kumavuta. Mubene kamodzi n'kutseka, zoti muzionjezera mawa ndi mkuja ayi. Ndipo batire ya laputopu ikhale yodzaza. Magetsi akathima pakati pa ntchito chimbalecho chasanduka choopsezera mbalame kumunda.

Mukamaliza kachiyeseni m'makina ena, mutsegule fayilo yomalizira, muithamangitse mpaka kumapeto.

Polemba dzina gwiritsani ntchito maka yofewa, mulembe pa kabwalo koyera ka pakati paja pamene palibe cholembedwa. Zomata za pepala ayi, zimapendeketsa chimbale chikamazungulira ndipo guluu wake amadya pamwamba. Chilichonse chikhale m'kabokosi kake kolimba, choimirira ngati mabuku, osati m'timapulasitiki tofewa tija timamatirira kukatentha. Malo ake akhale a mdima, ozizira, chapansi, chipinda cha m'kati. Pamwamba pa wadirobu pansi pa malata mu Okutobala ndi mu uvuni, ine ndine mboni. Amene muli kuchigwa cha Luangwa, ku Mfuwe uko kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, inu ndiye samalani kawiri. Nyengo ya mvula ikani m'bokosimo timapaketi ta timibulu toyamwa chinyezi tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano. Chikada, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira.

Chilichonse mubene kawiri, ndipo ngati n'kotheka kuchokera m'mapaketi awiri osiyana, kuti paketi imodzi ikakhala yoipa inayo ikupulumutseni. Gulu lachiwiri lipite kunyumba ina. Langa lili kwa alongo anga ku Katete. Chaka chilichonse, Nc'wala ikangodutsa mu Febuluwale, ndimatulutsa zingapo n'kuzikopera mu kompyuta kuti ndione ngati zikuŵerengeka zonse. Chimodzi chikayamba kuchedwa kapena makina akamalira nacho, tsiku lomwelo ndimabena china. Ndipo chonde, zoyambirira musafufute ngati ine.

Kena kamene simunafunse: zithunzi zimene abale anakutumizirani pa WhatsApp zinafinyidwa kale, si zenizeni. Musanawononge zimbale zabwino, pemphani mwini foni akupatseni kudzera pa chingwe, kapena atumize monga document. Zija khumi kapena makumi awiri zimene mtima wanu uli pomwepo, monga za ukwati ndi za makolo, kasindikizeni pa pepala la zithunzi ku situdiyo muike mu alubamu. Chithunzi cha bambo anga chimene chili pakhoma pano ndi cha pepala, chojambulidwa ine ndisanabadwe.

Mukagula paketiyo, lowetsani chimodzi mu ImgBurn, jambulani mzere wa MID muike pano ndione musanabene zonse. Mutiuzenso kuti mafayilo anu onse akukwana ma GB angati, mwina paketi ya 25 ikukwanirani.