Hilux ikufooka pa chitunda, makaniko akuti turbo yafa: ndigule ina?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Ntcheu. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndili ndi Toyota Hilux D-4D ya 3.0, ya 2008, yayenda makilomita oposa 240,000. Pamsewu wosakwera ikuyenda bwinobwino, koma ndikayamba zitunda za ku Dedza, makamaka nditasenza katundu, imafooka, kumbuyo kumatuluka utsi wakuda, nyali ya injini imayaka, ndiye imakana kupitirira 60 ngakhale ndiponde bwanji. Ndikaima n'kuzimitsa, n'kulizanso, mphamvu imabwerera. Makaniko wanga angomvetsera n'kunena kuti turbo yafa. Ndigule ina?"

Achimwene, musagule kaye. M'kalata yanu yomweyi muli umboni woti turbo yanu mwina ili moyo. Mwati mukazimitsa n'kulizanso mphamvu imabwerera. Turbo imene mapiko ake athyoka, kapena imene shafti yake yadyeka, siichira chifukwa choti mwapotoza kiyi. Chimene chikukuchitikirani amachitcha limp mode: kompyuta ya injini yaona nambala ina yosayenda bwino, ndiye ikuchepetsa dala mafuta kuti injini isawonongeke. Mukazimitsa imakulekani kwa kanthawi, mpaka chitunda chotsatira. Funso lenileni ndi lakuti yaona chiyani, ndipo funso limeneli siliyankhidwa ndi khutu, ngakhale la makaniko wodziwa ntchito chotani.

Injini yanu ndi 1KD-FTV, ya 2,982 cc, masilinda anayi, ya common rail (payipi imodzi yosunga dizilo wopanikizidwa wa masilinda onse) ya kampani ya Denso. Utsi wotuluka m'masilinda umazunguza kagudumu kamodzi ka turbo, kameneko kamazunguza kanzake pa shafti imodzimodziyo, ndipo kachiwirika kamakankha mpweya kudutsa mu intercooler (choziziritsira mpweyawo) kupita m'injini. Ikakoka mwamphamvu imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi. Dizilo amafuna mpweya wambiri kuti apse yense. Ukaperewera, wosapsayo ndi amene mukumuona kumbuyoko ali wakuda. Utsiwo ukanakhala wabuluu ndikanati injini ikudya oyilo, ukanakhala woyera wosatha injini itatentha kale ndikanaganizira madzi kapena injector (chopopera dizilo m'silinda) yodontha. Wakuda ukutiuza kuti tiyambire njira ya mpweya. Za ku Dedza musadabwe nazo: tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya wa kumeneko ndi wopepuka kale, ndiye vuto laling'ono limene limabisala ku Balaka limaonekera poyera mukamakwera mutasenza.

Choyamba, funsani kompyuta. Pansi pa chiwongolero, cha kumabondo anu, pali soketi ya mabowo 16. Makina owerengera amalumikizidwa pamenepo. Timakina totsika mtengo ta ELM327 tolumikiza ku foni timagwira pa magalimoto ambiri, koma pa ma Hilux ena a zaka zimenezo timakana kulankhula, ndiye musathamangire kuti soketi yafa. Pali njira yachikale ya Toyota yosafuna makina: kiyi ali off, lumikizani bowo la 4 ndi la 13 ndi kawaya kakafupi, kenako potozani kiyi pa ON osaliza injini. Nyali ya injini iyamba kuphethira. Ikaphethira katatu, n'kupuma, n'kuphethiranso kanayi, imeneyo ndi 34. Werengani mabowowo mosamala kwambiri, chifukwa la 16 lili ndi moto wochokera ku batire. Mukalakwitsa muwotcha fyuzi kapena choposa apo.

Pa injini imeneyi, 34 ndi za turbo ndi mphamvu ya mpweya wake, 35 ndi sensa yoyeza mpweya mu manifold (njira yogawira mpweya ku masilinda), 71 ndi EGR (valavu yobweza utsi m'injini), 78 ndi pampu ya mafuta kapena kudontha kwa dizilo. Pa makina mudzaziona ngati P0299, P0234 kapena P1251 pa turbo, P0400 pa EGR, P0093 kapena P1229 pa mafuta. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Akaona 34 amati basi, kompyuta yanena yokha kuti turbo. Ayi. Kompyuta yangonena kuti mpweya umene imayembekezera si umene yaupeza. Payipi yong'ambika imabweretsa nambala yomweyo, sensa yotsekeka ndi mwaye imabweretsa yomweyonso.

Tsegulani boneti injini itazizira. Sefa ya mpweya iyi ndi ya mphindi ziwiri: itulutseni, muiyang'anitse kudzuwa. Ndi fumbi la m'misewu yathu mu Okutobala, sefa imene buku likuti ikadali ndi moyo imakhala itatsekeka kale. Kuimenya pa tayala sikuthandiza kwenikweni, ndipo kuipopa ndi mpweya wamphamvu kumaiboola timabowo tosaoneka timene fumbi limadutsa n'kukadya mapiko a turbo. Gulani ina.

Kenako tsatirani mapayipi a rabala kuchokera ku turbo kupita ku intercooler, imene pa Hilux yanu yakhala pamwamba pa injini, kunsi kwa chibowo cha pa boneti chija. Chimene mukufuna ndi banga lonyowa la oyilo limene lamata fumbi. Mpweya wa m'mapayipi amenewa umanyamula kankhungu ka oyilo, choncho pamene ukuthawira pamada. Finyani payipi iliyonse ndi dzanja, muipinde, muyang'ane kunsi kwake ndi tochi, chifukwa mng'alu umakonda kubisala m'munsi ndi pafupi ndi chomangira. Injini ikungolira pamalo mng'aluwo umakhala wotseka. Umatseguka pokhapokha turbo ikakankha mwamphamvu, ndiye kuti pa chitunda. Ngati mumamva kulira kwa "fyuuu" mukaponda, ndi umenewo. Apa utsi wakuda umamveka bwino: sensa ya pafupi ndi sefa yawerenga mpweya wonse umene walowa, kompyuta yathira dizilo wolingana nawo, koma gawo lina la mpweyawo lathawira panjira. Yang'ananinso m'makona a intercooler, pamene pamalumikizana zitsulo zake.

Pali kanthu kena kamene makaniko ambiri amakadumpha. Sensa yoyeza mphamvu ya mpweya siimamatira pa manifold mwachindunji. Imalumikizidwa ndi kapayipi kowonda, ndipo pakati pake pali kasefa kakang'ono kapulasitiki. Kameneka kakadzaza mwaye kapena kakang'aluka, sensa imawerenga zabodza, kompyuta imalamula turbo molakwika, limp mode n'kubwera. Kachotseni, muuzire ndi pakamwa. Ngati mpweya sukudutsa, mwina mlandu wanu wathera pomwepo, pa kachinthu ka mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi turbo. Kapayipi kakenso kayang'aneni ngati kauma n'kusweka.

Tsopano EGR, imene ine ndikuikayikira kwambiri pa galimoto ya makilomita anuwo ngati sinatsukidwepo. Valavu imeneyi imabweza gawo la utsi m'injini kuti moto wa m'silinda usatenthe mopitirira. Utsiwo uli ndi mwaye, mpweya wochokera ku turbo uli ndi kankhungu ka oyilo, ziwirizi zikakumana zimapanga phala lakuda lomata, longa mwaye wa kudenga la khitchini yophikira nkhuni. Chaka ndi chaka limakula mpaka njira ya mpweya imatsala yopapatiza. Komanso valavu yeniyeniyo imatha kukakamira ili yotseguka, ndiye pa chitunda, pamene injini ikufuna mpweya wabwino wokhawokha, ikumezanso utsi wake. Kumasula valavu ndi chigongono chake (payipi yopindika yolumikizana nayo) ndi ntchito ya Loweruka limodzi kunyumba: masipanala a 10, 12 ndi 14, chopalira, bulashi, mankhwala otsukira kabureta ndi magasiketi atsopano. Jambulani ndi foni musanachotse kapayipi kalikonse. Tsekani bowo la manifold ndi nsanza yoyera kuti zinyenyeswa zisagwere m'kati, ndipo musaiwale kuichotsa pomanga. Manifold yonse ndi nkhani ina, chifukwa mapayipi a ma injector amadutsa pamenepo; imeneyo ndingaisiyire munthu amene anaichitapo. Ena adzakuuzani kuti mungotseka EGR ndi kachitsulo. Ine sindikonda njirayi: nthawi zambiri imayatsa nyali ya injini, ndipo nyali ikamangoyaka masiku onse simudzadziwa tsiku limene yayakira vuto lenileni.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tifike pa turbo. Ya 1KD ili ndi timapiko tosuntha mbali ya utsi, toyendetsedwa ndi kamota ka magetsi kudzera pa kandodo. Wina alize injini n'kuzimitsa, inu mukuyang'ana kandodoko: kayende mosadodoma. Kakamanjenjemera kapena kuima panjira, mwina timapiko tagwidwa ndi mwaye, mwina polumikizira pachita dzimbiri chifukwa cha matope ndi madzi. Zimenezi zimatsukika, si imfa ya turbo. Galimoto zimene zimangoyenda pang'onopang'ono m'tauni ndi zimene zimagwidwa kwambiri ndi matendawa.

Injini itazizira ndipo kiyi ali m'thumba mwanu, masulani payipi yaikulu yochokera ku sefa, muone kagudumu. Kazunguzeni ndi chala: kazungulire mopepuka, osakhula m'mbali. Kagwedezeni m'mbali, kusuntha pang'ono n'kwachibadwa, chifukwa shafti imayandama pa oyilo ndipo injini ikazima oyiloyo palibe. Makaniko wofuna kukugulitsani turbo adzakuonetsani kugwedera kumeneku ngati umboni, musavomere msanga. Choopsa ndi kukoka ndi kukankha: shafti ikamalowa ndi kutuluka moti chala chikumva bwino, kapena mapiko ali obenthuka, kapena pakhoma pali mikwingwirima yowala pamene akhala akukhula, pamenepo makaniko wanu analondola. Kaoyilo kopaka m'payipi si vuto. Oyilo wochita kutayika mukapendeketsa intercooler ndi vuto lalikulu, ndipo musayendenso nayo: injini ya dizilo imatha kuyamba kuyaka ndi oyilo wake womwe, n'kuthamanga yokha osamvera kiyi mpaka kusweka.

Za mafuta ndizidutsa mwachangu chifukwa njala ya dizilo kawirikawiri imafooketsa galimoto popanda utsi wakuda. Komabe ngati munathirapo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, sinthani sefa ya dizilo, mukhetse madzi potsegulira pansi pake m'botolo loonekera, muone chimene chituluke. Mukapeza 78, kaikirani kavalavu ka SCV ka kumbuyo kwa pampu, kamene kakakakamira injini imadumphadumpha kapena kuzima yokha. Katsopano kakaikidwa pamafunika makina kuti kompyuta iphunzire pampuyo mwatsopano. Chimodzi chokha ndikuletsani: musamasule payipi ya injector injini ikulira, monga tinkachitira pa injini zakale za 3L ndi 5L pofufuza silinda yakufa. Mu common rail dizilo amakankhidwa ndi mphamvu yoposa 1,000 pa muyezo wa bar, amaboola khungu n'kulowa m'thupi. Ma injector a 1KD amayezedwa ndi makina, injini itatentha ikulira pamalo, ndipo nambala ya iliyonse iyenera kukhala pakati pa -3.0 ndi +3.0.

Tiyerekeze kuti turbo yafadi. Musaike ina musanadziwe chimene chapha yoyambayo, chifukwa chidzaphanso yachiwiri. Kawirikawiri ndi fumbi lodutsa pa sefa yoboola, kapena kuchepa kwa oyilo. Pa 1KD pali vuto lodziwika bwino: timawashala tokhalira ma injector tikayamba kudontha, mpweya wa moto umalowa mu oyilo, oyilo amaundana, kasefa ka pansi mu sampu kamatsekeka, ndipo turbo, imene imadalira kapayipi kowonda ka oyilo, imavutika msanga, injini yonse n'kutsatira. Pa makilomita 240,000, ngati simukudziwa kuti timawashalato tinasinthidwa liti, pemphani kuti posintha oyilo asuzumire kasefako ndi kakamera kudzera pa bowo lokhetsera. Poika turbo yatsopano musinthe oyilo, sefa yake ndi sefa ya mpweya, mutsuke intercooler, kapayipi kobweretsa oyilo kakhale katsopano kapena kotsukidwa bwino, ndipo muthire oyilo pang'ono m'bowo la turbo n'kuzunguza kagudumu ndi chala musanalize. Ikalira, ilekeni pamalo mphindi zingapo osaponda.

Yambani ndi kawaya kaja pa bowo la 4 ndi la 13. Mukapeza nambala, nditumizireni pamodzi ndi chithunzi cha m'kati mwa chigongono cha EGR, tidzapitirize kuchokera pamenepo.