Funsani Azakhali: Mwana wandijambulira khoma la eni ake

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, wamkazi wa zaka 5 ndi wamwamuna wa zaka 3. Tikukhala m'nyumba ya lendi ku Chilobwe, bwalo lake n'logawana ndi mabanja ena anayi. Mvula ikayamba ana amangobindikira m'nyumba n'kumalimbirana foni yanga. Sabata yatha wamkuluyo anatola khala pa mbaula n'kujambula khoma lonse la pabalaza, moti alandilodi akadzabwera sindikudziwa kuti ndidzanena chiyani. Ndinamukwapula, koma pambuyo pake mtima unandipweteka. Mnzanga akuti ndiwagulire makirayoni ndi mabuku opaka utoto, koma ndalama yakeyo ndi ya ndiwo za masiku angapo. Ndiwatani ana amenewa?

Make awiri, Chilobwe, Blantyre

Mwana wanga,

Tiyambe ndi khomalo kuti mtima ukhale pansi. Musathamangire madzi, khala likanyowa limapakika ponseponse. Yambani mwakuntha ndi kansalu kouma, kenako mupukute ndi konyowa kopaka sopo. Ngati khomalo ndi la laimu, ingopakaninso laimu pamwamba. Koma musanafufute, mufunseni mwanayo kuti anajambula chiyani. Mwina pamenepo muli inu amene, mutanyamula ndowa pamutu.

Ine ndagwira choko mu Sitandade 1 zaka 23. Ana a zaka 6 akamalowa tsiku loyamba ndinkawadziwira pa zala. Wozolowera kuumba ng'ombe zadongo kudambo ankagwira pensulo ngati yake. Amene ankaletsedwa kugwira dothi kwawo ankaifumbata ngati mthiko, akangolemba mizere iwiri n'kuyamba kudandaula kuti dzanja likuwawa. Ndiye mwana wanuyo si wopulupudza ayi, zala zake zikufuna ntchito, koma ntchitoyo wayipezera pa khoma la eni ake.

Mpatseni khoma lakelake. Pitani pagolosale mukapemphe katoni yaikulu yotha ntchito, muitambasule, muimangirire pamalo amodzi m'nyumbamo pa msinkhu wake. Mumuuze kuti apa jambula mmene ungathere, apo ayi. Ikadzadza muitembenuze. Kukacha bwino, pakhonde pa simenti ndi bolodi yokwanira, khala lomwelo ndiye choko.

Za makirayoni mudzagula ndalama ikadzapezeka. Ife kusukulu tinkati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, ndipo kukhitchini kwanuko zadzaza. Guluu: sungunulani supuni ziwiri za ufa wa chinangwa m'kapu ya madzi, muike pamoto mukutakasa mpaka lichite ngati phala lopyapyala lowala. Likazizira limamata pepala bwinobwino, ndipo wamng'onoyo akanyambita palibe chodetsa nkhawa. Utoto wofiirira muupeza mu dothi la katondo losefa, wakuda mu makala osinja, wobiriwira mu nkhwani wosinjasinja, ndipo chidede chowiritsa chimapereka madzi ofiira okongola kwabasi. Burashi ndi nthenga ya nkhuku, kapena kamtengo kotswanya kunsonga, apo ayi chala. Muwaveke malaya akale a bambo awo, muyale thumba pansi, basi.

Koma chimene ndimakonda ine ndi dongo. Akakhala akubwera achibale ochokera kumudzi, auzeni akutengereni mbulumwa imodzi. Muzisunga m'chigubu chodula, mutavundikira ndi kansalu konyowa, limatha miyezi. Dongo likasowa, sakanizani makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere ndi madzi osapitirira kapu imodzi, mukande ngati mukufuna kukazinga mandasi. Wa zaka 3 adzangopota tinjoka ndi timipira, mwina n'kuphwanya zonse. Msiyeni, pa msinkhu wake ntchito ndi imeneyo. Wa zaka 5 akhoza kuumba timiphika, mbaula ndi ndowa za masanje, muziumitsa pamthunzi kuti zisang'ambike.

Tsono apa ndi pamene ambirife timalakwitsa, ine ndemwe ndinalakwapo. Mdzukulu wanga anaumba ng'ombe ya miyendo isanu, linunda lili kumchira. Ine ndi uphunzitsi wangawo ndinailanda, ndinathothola mwendo umodzi, n'kukonza linunda, ng'ombe inaoneka ng'ombedi. Mwana anangoiyang'ana, amvekere, "Imeneyo ndi yanu agogo," n'kutuluka panja. Anatha sabata osagwiranso dongo. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza kuti mwendo wachisanuwo unali wopumulira ina ikatopa. Chichokereni tsiku limenelo ndimakhala pambali ndi mbulumwa yangayanga, iye yake. Akandionetsa sindinena kuti "n'chiyani chimenechi?" Ndimati "tandiuza nkhani yake." Nkhani zimene zimatuluka pamenepo, foni ichepa.

Simukuyenera kukhala nawo tsiku lonse. Mphindi 20 pamene nyemba zili pamoto n'zokwana. Muwaphunzitsenso kuti kusesa ndi kusamba m'manja ndi mbali ya masewerawo. Nyengo yokolola ikafika musataye zitsononkho ndi mapesi: chitsononkho chovekedwa kachidutswa ka chitenje ndi chidole choti n'kubereka kumbuyo, mapesi ndiye aja tinkapangira magalasi a m'maso. Galimoto za mawaya zidikire kaye, n'za anyamata okulirapo.

Azakhali

Azakhali,

Mwana wanga wa zaka 2 ndi miyezi 6 amalirira kukhala nawo achemwali ake akamamata nyemba ndi chimanga papepala. Mayi ake akuti palibe vuto. Ine ndikukayika.

Bambo wa ku Mchesi, Lilongwe

Bambo,

Kukayika kwanuko n'koona. Mwana wosakwana zaka 3 chilichonse chaching'ono chimathera m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu, ndipo nyemba ikanyowa mmenemo imafufuma. Zikachitika musatokose ndi kamtengo ka machesi, mudzangoikankhira mkati, thamangirani kuchipatala. Zitsekerero za mabotolo, mikanda ndi timabatire tating'ono ta mawotchi zikhale patali. Achemwali akewo nawo asaseweretse mbewu yogula ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, ngakhalenso nthanga za nsatsi, ndi poizoni.

Musamuthamangitse, angalire mpaka madzulo. Mukhazikeni potero ndi masamba a mango, mapepala oti azing'amba ndi mbale ya guluu wa chinangwa. Nyembazo achemwali ake azimata iye akagona masana.

Azakhali