Chodula n'chiti: magemu a pa kompyuta kapena PlayStation?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe, ndipo ndaona kuti ndiwayankhe pano poyera chifukwa funso lawo ndi la anthu ambiri. Akuti akhala akusunga ndalama chaka chathunthu, ndipo mkulu wawo amene ali ku Joni wavomera kudzawatengera katundu akamabwera pa Khirisimasi. Kunyumba ali ndi TV yabwino ndithu, komanso laputopu ya kuntchito yongolembera malipoti. Chimene amakonda ndi mpira, uja tinkautcha FIFA koma tsopano ndi EA Sports FC, ndi GTA. Anzawo awasokoneza mutu: ena akuti kompyuta ya magemu ndi ya anthu olemera, ena akuti PlayStation ndiye imadya ndalama mwakachetechete ngati chiswe. Ndiye akufunsa kuti chodula kwenikweni n'chiti.

Achimwene, anzanu onsewo akunena zoona, kungoti akuwerengera masiku osiyana. Ena akuona tsiku logula lokha, ena akuona zaka zonse zimene chinthucho chikhale pabalaza panu. Ine ndimasewera pa kompyuta ndipo ndimaikonda, koma sindikukokerani kwanga.

Tiyambe ndi tsiku logulalo. Ndizitchula mitengo ya ku America m'madola, chifukwa ndi imene makampaniwo amalengeza, pamene ya kuno imasintha mwezi ndi mwezi. PlayStation 5 (PS5), ya kampani ya Sony, inatuluka mu November 2020 pa madola 499 yolowa disiki, ndi 399 yopanda polowetsa disiki. Xbox Series S inatuluka mwezi womwewo pa madola 299. Kale tinazolowera kuti makina amenewa akamakalamba mtengo umatsika, koma PS5 yayenda chobwerera: mu August 2025 Sony inawonjezera madola 50 ku America, yolowa disiki n'kufika 550. Tsopano taonani mbali inayo. Graphics card ya Nvidia yotchedwa RTX 4060, imene ndi yapakatikati chabe, inatuluka mu June 2023 pa madola 299. Limenelo ndi khadi lokha lotulutsa zithunzi. Simunagule purosesa, RAM, SSD, motherboard, power supply, bokosi lake, kiyibodi, mbewa, ngakhale sikirini. Mukaphatikiza zonsezo mumapezeka mwadutsa kale mtengo wa PS5, ndipo madola 800 kapena 900 sachedwa kukwana. Ndiye pa tsiku logula, palibe mkangano: kompyuta ndi yodula.

Koma PlayStation ndi Xbox sizitchipa chifukwa choti eni ake ndi achifundo. Mu 2021, pa mlandu wa kampani ya Epic Games ndi Apple, mkulu wina wa ku Microsoft, Lori Wright, anauza khoti kuti kampani yawo sinapezepo phindu pogulitsa makina a Xbox paokha. Phindu lili mu zimene mumagula makinawo akalowa m'nyumba. Pa gemu iliyonse yogulidwa m'sitolo yawo ya pa intaneti, eni makina amatengapo pafupifupi 30 peresenti. Zili ngati munthu wokugulitsani mbaula pamtengo wozizira, akudziwa kuti makala muzikagula kwa iye yekha mpaka mbaulayo idzabooke.

Makalawo ndi awa. Gemu yatsopano ya dzina pa PS5 imakhala madola 70, mtengo umene unayamba ndi makina a 2020 omwewa. Ndipo mukafuna kusewera mpira ndi mnzanu amene ali ku Mzuzu kudzera pa intaneti, muyenera kulipira PlayStation Plus, imene mu September 2023 yotsikitsitsa yake inafika madola 80 pa chaka. Werengerani zaka zisanu: madola 400, ndalama yofanana ndi mtengo umene PS5 yopanda polowetsa disiki inatulukira, pamene bandulo mukulipirabe padera. Magemu aulere ngati Fortnite ndi eFootball safuna PlayStation Plus, koma EA Sports FC ndi GTA Online zimafuna. Pa kompyuta msonkho umenewu kulibe. Muli ndi intaneti, mwalowa.

Pamenepa ndi pamene kompyuta imayamba kubweza ngongole yake. Masitolo ake ndi ambiri ndipo amalimbirana makasitomala. Steam, sitolo ya kampani ya Valve, inayamba mu 2003 ndipo imatsitsa mitengo kwambiri chapakati pa chaka ndi mu December, moti gemu ya zaka zitatu kapena zinayi mutha kuipeza pa kagawo kochepa ka mtengo wake woyamba. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo mukaitenga ndi yanu. Mu May 2020 anapereka GTA V yeniyeniyo ulere, anthu anathamangira mpaka sitoloyo inakanika kutseguka kwa maola angapo. Steam imabwezanso ndalama ngati gemu simunaisewere maola opitirira awiri ndipo masiku 14 sanathe. Magemu amene ndinagula zaka khumi zapitazo ndikuwatsegulabe lero pa kompyuta yachitatu. Kunena chilungamo, PS5 nayo imawerenga pafupifupi magemu onse a PS4, ndipo sitolo ya Sony imatsitsanso mitengo nthawi zina, koma mpikisano wa masitolo kulibe.

Mfundo imene anzanu okonda kompyuta sanakuuzeni ndi iyi: kutchipa kumeneku kumapindulira munthu wosewera magemu ambiri, khumi kapena khumi ndi asanu pa chaka. Inu mwatchula awiri. FC yatsopano ikatuluka mu September, mtengo wake pa kompyuta ndi pa PS5 ndi wofanana. Munthu wa magemu awiri sangabweze madola owonjezera aja kudzera m'mitengo yotsitsidwa ya magemu amene sakuwafuna.

Ndipo masamu onsewa ndi a munthu wokhala ku London kapena New York, amene khadi lake la kubanki silikana ndipo intaneti yake ilibe malire. Kuno nkhani imasintha, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono.

Gemu ya pa kompyuta masiku ano siibwera pa disiki. Muyenera kuilipira m'ndalama zakunja, kenako kuitsitsa yonse pa intaneti. Tonse tikudziwa mmene forex ikuvutira, ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Gemu ya madola 20 imene munkaiona yotchipa inadula usiku umodzi. Kenako pali bandulo. GTA V pa kompyuta imadya malo pafupifupi 100 GB. Ngati mulibe Wi-Fi yopanda malire, kutsitsa gemu "yaulere" ija kutha kukudyerani ndalama yoti mukanagula disiki. PlayStation nayo ili ndi vuto lake pamenepa: Malawi mulibe pa mndandanda wa mayiko a PlayStation Store, choncho ambiri amatsegula akaunti ngati ali ku South Africa kapena ku America, n'kumagula mavawucha a marandi kapena madola. Koma PlayStation ili ndi chinthu chimodzi chimene kompyuta inataya kalekale, ndicho disiki.

Disiki ndi katundu. Mutha kuigula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wa pa gulu la WhatsApp kapena Facebook, kulipira m'makwacha, dzanja ndi dzanja. Mukaimaliza mutha kuigulitsa, kusinthana ndi mnzanu, kapena kubwereka mlamu wanu kwa sabata ziwiri. Ndinaonapo anyamata anayi a m'dera limodzi akusonkherana: aliyense amagula disiki imodzi pa chaka, koma aliyense amasewera magemu anayi. Pakhoma pa mmodzi wa iwo panali kapepala kolembapo amene watenga disiki iti ndi tsiku lobweza, ngati buku la banki m'khonde. Gemu ya pa Steam simungaigulitse. Imakhala pa akaunti yanu basi. Zoona, disiki nayo imapempha update, nthawi zina yaikulu, koma magemu ambiri osewera nokha kapena ndi mnzanu pampando umodzi amayenda ngakhale simunalumikize intaneti tsiku limenelo. Ndiye chonde, musakopeke ndi PS5 yopanda polowetsa disiki poona kuti yatchipa. Xbox Series S ilibenso polowetsa disiki, PS5 Pro imabwera yopanda. Kwa ife kuno, kabowo kameneko ndiye kamapulumutsa thumba.

Ndikudziwa kuti ena akamati magemu a pa kompyuta ndi aulere, amatanthauza okiraka aja oikidwa pa flash kumsika. Amenewo ndi akuba, intaneti salowa bwino, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Pa laputopu ya kuntchito musayerekeze n'komwe.

Za magetsi, kusiyana sikwakukulu monga mmene anthu amanenera. PS5 ikamasewera imakoka mawati pafupifupi 200. RTX 4060 payokha imakoka 115, ndiye kompyuta yonse siipita patali kwenikweni. Zimene zimameza mayunitsi ndi makadi akuluakulu ngati RTX 4090, ya mawati 450, imene inatuluka pa madola 1,599. Amenewo ndi amene anapatsa kompyuta mbiri yoti ndi ya olemera, ndipo simukuwafuna. Choopsa chenicheni ndi magetsi akamabwera atazima. Tsiku lina madzulo kwathu anabwera mwamphamvu, ndinangomva kuti phu kuseri kwa tebulo, kenako kafungo ka waya wopsa. Mtima unangoti myuu, ndikuganiza za ndalama zonse zimene zinali m'bokosimo. M'mawa mwake ndinamasula zomangira zinayi, ndinapeza kuti chapsa ndi power supply yokha. Ndinagula ina, pofika masana kompyuta inali ikuyaka. Ubwino wa kompyuta umenewu ndi weniweni: chikafa chimodzi mumasintha chimodzi, khadi likakalamba mumachotsa khadi lokha. PlayStation ikapsa, bokosi lonse limapita kwa amisiri, ndipo zipangizo zake sizipezeka wamba. Chilichonse chimene mungagule, muikepo ndalama ya surge protector kapena TV guard, ndipo magetsi akazima muzizula pakhoma.

Ofuna kumanga kompyuta ndi zipangizo zakale asamale ndi makadi. Mu 2021 makadi anasowa chifukwa anthu ankawagwiritsa ntchito pokumba ndalama za crypto usana ndi usiku, ndipo imodzi mwa ndalamazo, yotchedwa Ethereum, itasiya njira imeneyo mu September 2022 ambiri anathiridwa pamsika atatopa kale. Musalipire musanalione likusewera gemu kwa theka la ola. Chakumapeto kwa 2025 RAM nayo inakwera mtengo kwambiri chifukwa makampani a AI akuigula yochuluka, zimene zapangitsa kumanga kompyuta yatsopano kuwawa kuposa kale.

Pali munthu mmodzi amene ndingamuuze mosazengereza kuti agule kompyuta: amene akuifuna kale pa ntchito. Wokonza mavidiyo a maukwati, wojambula mapulani a nyumba, wopanga mabiti mu situdiyo, wophunzira kulemba mapulogalamu. Iyeyo kompyuta yamphamvu agula ndithu, asewere asasewere, choncho mtengo wa magemu kwa iye ndi khadi lokha lija, mwinanso khadilo likumuthandiza pa ntchitoyo. Bokosi lake limabweretsa ndalama masana, usiku n'kumusangalatsa. PlayStation singakulembereni CV. Koma inu, achimwene, mwanena kuti laputopu muli nayo kale ndipo ikukukwanirani.

Palinso nkhani ya GTA imene mumakondayo. Rockstar, kampani yopanga GTA, inalengeza GTA VI ya PS5 ndi Xbox Series X ndi S, kompyuta osaitchula. Si zachilendo kwa iwo: GTA V inatuluka pa PlayStation ndi Xbox mu September 2013, a kompyuta anadikira mpaka April 2015.

Ndiye yankho langa kwa inu ndi ili. Auzeni akulu anuwo akutengereni PS5 yolowa disiki, ndi padi yachiwiri, chifukwa m'bokosi mumakhala imodzi yokha ndipo mpira sukoma wekha. Padi ya DualSense ili cha m'madola 70 ndi kanthu. TV muli nayo kale, ndiye sikirini simugula. PlayStation Plus muyambe mwaisiya, muone kaye ngati mukuifunadi, poti anzanu ambiri azibwera pakhomo. Madisiki muziyamba kufunsa ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo FC simukakamizidwa kugula chaka chilichonse. Mukatero, pa zaka zisanu mudzakhala mutawononga zochepa kuposa mukanamanga kompyuta.

Ndalama ikapanda kukwana, PS4 yakale yosamalidwa bwino si manyazi. GTA V imayenda, ndipo FC 26 ya 2025 inatulukanso pa PS4. Mungodziwa kuti GTA VI sidzafikako, ndipo musanalipire muiyatse, mumve ngati fani yake ikulira ngati chigayo, muyesenso polowetsa disiki ndi polumikiza HDMI.

Akuluwo asunge lisiti, chifukwa pachipata cha Mwanza kapena Dedza a MRA adzafuna kuona mtengo wake, ndipo msonkhowo muuwerengeretu panopa. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano a makona. Musaikakamize ndi kamtengo. Chingwe cha magetsi cha PS5 wamba ndi chofanana ndi cha wailesi, cha mabowo awiri chija, ndipo cha pulagi yathu chimapezeka m'sitolo iliyonse ya zamagetsi.