Mwana akufuna kukonza malo okhala anthu: aphunzire chiyani, adzadya chiyani?

Bambo ena alemba kalata yodandaula. Mwana wawo wamkazi akumaliza sekondale, masamu ndi jogalafe amakhoza bwino, ndipo wanenetsa kuti akufuna kuphunzira za mapulani a nyumba ndi kakonzedwe ka mizinda. Bambowo akufunsa kuti: "Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyera, kapena n'kujambula chabe? Ine ndimafuna akanachita za uinjiniya." M'munsi mwa kalatayo mtsikanayo wawonjezerapo mawu ake. Akuti za nyumba zikuluzikulu za anthu olemera alibe nazo chidwi. Mtima wake uli pa malo amene anthu amakumaniranapo, monga misika, mabwalo osewerera ana ndi njira za oyenda pansi, koma sakudziwa kosi imene imaphunzitsa zimenezi.

Ndiyambe ndi inu, bambo, chifukwa nkhawa yanu ndi yomveka. Chimene mwana wanuyu adzajambule papepala, mawa lake anthu adzachikumba, adzachithira simenti, ndipo chidzakhala pamenepo zaka makumi asanu kapena kuposa. Mzere uliwonse papulani ndi ndalama za wina komanso ndi moyo wa wina. Taonani chinthu chaching'ono ngati potsetsereka polowera anthu oyenda pa njinga za olumala. Malamulo a zomangamanga m'mayiko ambiri amati pokwera mita 1 pafunika kutalika kwa mamita 12. Ndiye kuti khonde likakwera masentimita 30 okha, potsetserekapo payenera kutalika mamita 3.6. Wolemba pulani akapanda kusiya malo amenewa, gogo woyenda ndi ndodo ndi mayi wokankha mwana wolumala adzathera panja pa chipatala kapena holo imene anawamangira iwo omwe. Pali za kumene madzi a mvula athawire, kumene dzuwa la masana liwombe, ngati galimoto yozimitsa moto ingalowe mumsewuwo, ndiponso ngati ndalama zomwe zilipo zikwane. Kujambula ndi chida chonenera zimenezi basi.

Nanga ntchito ilipo? Bungwe la United Nations linanena mu 2018 kuti anthu 55 pa 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzakhala 68 pa 100, makamaka chifukwa cha kukula kwa mizinda ya ku Africa ndi ku Asia. Anthu onsewa afunika misewu, ngalande, sukulu ndi misika. Olemba ntchito ndi makhonsolo a mizinda, maunduna oona za malo ndi nyumba, makampani olemba mapulani, makontilakitala, mabungwe othandiza anthu okhala m'madera othithikana, mpaka UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, yomwe likulu lake lili ku Nairobi. Koma ndisakunamizeni. Njira yake ndi yaitali. M'mayiko ambiri architecture, kosi yolemba mapulani a nyumba, amaiphunzira zaka 5, kenako munthu amagwira ntchito pansi pa katswiri wovomerezeka kwa zaka ngati 2, n'kulemba mayeso a bungwe loona za ntchitoyi asanaloledwe kusaina pulani m'dzina lake. Malipiro oyambira nthawi zambiri sasangalatsa, ndipo chuma cha dziko chikagwedezeka, zomangamanga ndi zomwe zimayamba kuima. Amene amapirira ndi amene ntchitoyi ili mumtima mwawo, ndipo mmene mwana wanu walembera zikuonetsa kuti iye ili mumtima.

Tsopano iwe, mwana wanga. Chimene ukufunacho chili ndi dzina, amati urban design, koma m'mayunivesite ambiri sachiphunzitsa ngati digiri yoyamba. Anthu amafikako atadzera khomo lina, kenako n'kukachita masters kapena kuphunzirira pantchito. Khomo loyamba ndi architecture, kumene udzaphunzire nyumba imodzi imodzi kuyambira pa maziko mpaka denga, kuwala, mpweya ndi mmene munthu amamvera akalowa m'chipinda. Lachiwiri ndi urban planning, ena amati physical planning. Kumeneko udzagwira mapu, malamulo a malo ndi chiwerengero cha anthu, ndipo udzakhala m'misonkhano yambiri yokambirana kuti msika ukhale pati, sukulu ikhale pati, ndi malo ati asamangidwe chifukwa madzi amasefukirako. Palinso landscape architecture, yoona za mapaki, mitengo, mitsinje ndi mabwalo. Ndipo khomo limene bambo ako akulifuna, civil engineering, nalonso limalowa m'nyumba yomweyo, chifukwa msewu ndi ngalande ndiwo mafupa a dera lililonse. Inu awiri simukukangana kwambiri ngati mmene mukuganizira.

Kusankha kwake ndi kotere. Ngati manja ako amayabwa kuti upange chinthu, udule katoni, umate, uone ngati chiima, pita ku architecture. Ngati umakonda kuyang'ana mapu n'kumafunsa chifukwa chake dera lina lili ndi madzi pomwe loyandikana nalo lilibe, ndipo sutopa ndi kumvetsera anthu akutsutsana, planning ikuyenera. Malinga ndi zomwe walemba komanso jogalafe imene umakhozayo, ine ndikuona ngati planning ndiyo ili pafupi ndi mtima wako, ndipo nthawi zambiri imatha msanga kuposa architecture. Koma usasiye kujambula ndi manja. Wa mapulani amene sangathe kujambulira amayi ogulitsa pamsika mmene malo awo adzaonekere, pomwepo pamsonkhano, amavutika kuti anthu amukhulupirire.

Chimene ndikufuna umvetse usanalembe fomu iliyonse ndi ichi: mtima wa ntchitoyi ndi kuonetsetsa mmene anthu amakhalira. Mu 1929 Clarence Perry wa ku New York anafalitsa ganizo loti dera lokhala anthu lizimangidwa mozungulira sukulu ya pulayimale, mwana aziyenda mamita pafupifupi 400 kuti akafike, osapitirira 800, ndipo misewu ikuluikulu izidutsa m'mphepete, osati pakati. Muyeso wake sunali galimoto, unali miyendo ya mwana wa zaka 7. Ku Amsterdam, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, katswiri wolemba mapulani Aldo van Eyck anayamba mu 1947 kusandutsa malo ongokhala pakati pa nyumba kukhala mabwalo a ana. Pofika 1978 anali atalemba mapulani a mabwalo oposa 700. Zomwe ankaikapo zinali zosavuta: dzenje la mchenga, zitsulo zopindika zoti ana azikwerapo, miyala yodumphapo, mabenchi a makolo. Sanaike zidole zooneka ngati nyama kapena galimoto, chifukwa ankafuna kuti mwana aziganiza yekha chimene chitsulocho chili lero. Ambiri mwa mabwalowa analibe mpanda, choncho wodutsa aliyense ankakhala ngati mlonda wa anawo.

Udzaphunziranso za zolephera, ndipo uzidzaziwerenga mosamala kuposa zopambana. Mumzinda wa St. Louis ku America anamanga Pruitt-Igoe chapakati pa zaka za m'ma 1950: nyumba 33 za nsanjika 11 iliyonse, zolembedwa ndi katswiri wodziwika Minoru Yamasaki. Mu 1972 anayamba kuziphwasula ndi mabomba. Zikepe zake zinkaima pa nsanjika zina zokha, ndipo makonde aatali amene ankati anthu azidzachezerapo anasanduka malo oopsa. Koma amene amaloza chala pulani yokha amaphonya theka la nkhani. Ndalama zokonzera nyumbazo zinkayenera kuchokera ku lendi, anthu ndi ntchito zinkachoka mumzindawo, lendi inachepa, zowonongeka sizinkakonzedwa, ndipo tsankho la mtundu linali litawaunjika osauka pamalo amodzi. Phunziro lake kwa iwe ndi loti pa chilichonse chimene udzalembe uzidzafunsa kuti adzasesa ndani, babu likapsa adzasintha ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti zaka 10 zikubwerazo. Mafunso amenewa sakoma m'kalasi, koma ndi amene amasunga bwalo kuti lisasanduke dzala.

Popeza wati za olemera ulibe nazo chidwi, dziwa kuti ena anayenda kale njira imeneyi ndipo dziko linawalemekeza. Francis Kéré wa ku Burkina Faso anayamba ndi ukalipentala, kenako anakaphunzira architecture ku Berlin. Akadali pasukulu, anasonkhanitsa ndalama n'kumanga sukulu ya pulayimale kwawo ku Gando, yomwe inatha mu 2001. Makoma ndi a njerwa za dothi la pomwepo, ndipo malata anawakweza m'mwamba kuwasiyanitsa ndi siling'i ya njerwa, kuti mpweya wotentha uzituluka, mphepo izidutsa, ana asamawotcheke m'kalasi. Anamanga ndi anthu a m'mudzimo. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa ntchitoyi, ndipo anali munthu woyamba wa ku Africa kuilandira. Ku Iquique m'dziko la Chile, Alejandro Aravena ndi anzake anapatsidwa ntchito yomangira mabanja 93 ndi thandizo la boma la madola 7,500 pa banja, zomwe zinayenera kukwanira malo ndi nyumba yomwe. M'malo mowasamutsira kutali kumene malo ndi otchipa, anawasiya pamalo pomwe ankakhala kale, n'kumanga theka la nyumba limene banja silingathe kumanga lokha: makoma olimba, masitepe, khitchini ndi bafa. Mpata wotsalawo eni ake anadzaza okha pang'onopang'ono. Ndipo ku Orangi, dera lalikulu la anthu osauka mumzinda wa Karachi ku Pakistan, kuyambira mu 1980 anthu anayamba kuyala okha mapaipi a zonyansa, kanjira ndi kanjira, ndi ndalama zawo, akatswiri akuwathandiza kuyeza malo ndi kujambula mapu. M'nkhani zitatu zonsezi katswiri sanabwere ndi yankho m'chikwama. Anayamba wamva kaye zomwe eni malo akudziwa ndi zomwe angathe.

Usadikire yunivesite kuti uyambe. Tenga kope ndi pensulo, upite pamalo amodzi pomwe anthu amasonkhana, kaya ndi pokwerera basi, pabwalo la mpira kapena pakhomo la msika. Khala pamenepo ola lathunthu m'mawa, ubwererenso madzulo. Jambula malowo ngati ukuwaona uli m'mwamba, ndipo paliponse pomwe munthu waima kapena kukhala, ikapo kadontho. Posachedwa udzaona kuti madontho akuunjikana pamthunzi, pakona, ndi pomwe pali chokhalira ngakhale chitakhala chipupa chachifupi, pomwe benchi yokongola yomwe ili padzuwa ilibe munthu. Yang'ana kanjira kamene mapazi apanga podula pakapinga, kusiya njira ya simenti imene anawakonzera. Kanjira kameneko kakukuuza pomwe wolemba pulani sanamvetse. Yeza kukula kwa njira ndi mapazi ako, ulembe. Funsa wogulitsa mmodzi chifukwa chake anasankha pamenepo osati patsidya. Tsiku la mvula pita ukaone kumene madzi akulowera ndi pomwe akudikha. Masamba amenewa uwasunge bwino, chifukwa sukulu zambiri za architecture zimafuna kuona ntchito za manja a wofunsira malo, ndipo aphunzitsi amakopeka ndi mwana amene amaona kuposa amene amangokopera zithunzi zokongola za pa intaneti.

Za kompyuta usade nazo nkhawa kwambiri panopa. Mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD, Revit ndi SketchUp udzawaphunzira. Ngati uli ndi mwayi wa kompyuta, yamba ndi QGIS, pulogalamu yaulere yopangira mapu yomwe a planning amaigwiritsa ntchito kwambiri. Masamu ndi fizikisi uzigwire zolimba, ndipo usapeputse kulemba ndi kulankhula pagulu, chifukwa theka la ntchitoyi ndi malipoti ndi misonkhano. Ukonzekerenso kudzudzulidwa. M'sukulu zimenezi wophunzira amapachika ntchito yake pakhoma, aphunzitsi n'kuiunika pamaso pa anzake onse, nthawi zina mosanyengerera. Ana amene anazolowera kukhala nambala wani amalira chaka choyamba. Akudzudzula pulani, osati iwe, ndipo ukazolowera msanga udzapita patsogolo msanga. Atsikana m'makalasi amenewa achuluka masiku ano, koma pamalo omangira nyumba mwina udzakumana ndi kapitawo wokayikira mawu ako. Chimene chimamutseka pakamwa ndi kudziwa miyeso yako bwinobwino.

Bambo, mbali yanu ndi iyi. Musanalipire kalikonse, fufuzani ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi bungwe limene limalembetsa akatswiri a ntchitoyi m'dziko limene mwanayu adzagwire ntchito, chifukwa digiri yosavomerezeka ingamusiye wothandizira ena, osaloledwa kusaina. Funsani sukuluyo ngati ophunzira amatumizidwa kukaphunzirira ntchito m'makampani kapena m'makhonsolo, ndiponso kumene omaliza a zaka ziwiri zapitazi ali lero. Pa bajeti yanu muwerengeremo laputopu yamphamvu, mapepala, makatoni ndi kusindikiza mapulani akuluakulu, chifukwa zimenezi siziwoneka pa kalata ya fizi koma zimadya ndalama teremu iliyonse. Ngati zaka 5 zikukulemerani, dipuloma ya architectural technology kapena ya zoyeza malo ndi poyambira pabwino: mwana amayamba kugwira ntchito msanga ndipo m'masukulu ambiri angathe kudzapitiriza mpaka digiri. Ndipo tchuthi chikubwerachi mupezereni sabata imodzi mu ofesi ya wolemba mapulani kapena ku dipatimenti ya mapulani kukhonsolo, ndi sabata ina kwa injiniya wa misewu. Akabwerako mukhale naye pansi, abweretse kope lake lija, akufotokozereni zomwe waona mbali zonse ziwiri musanadzaze fomu.